Mkwiyo wa Mulungu pa okanikiza choonadi: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa anadzuka pa maphunziro a Baibulo amene timachita Lamulungu lililonse masana ku Rosettenville, kummwera kwa mzinda wa Johannesburg, pamene tinkawerenga mutu woyamba wa kalata ya Paulo yopita kwa Aroma. Nthawi imatichepera, chifukwa ambiri amafulumira kukakwera teksi kusanade ndipo ena amalowa ntchito ya ulonda usiku womwewo, choncho mafunso olemera amatsala osayankhidwa. Monga mkulu wa mpingo amene amatsogolera maphunzirowa, ndaona kuti ndi bwino kuwalemba pamodzi ndi mayankho ake kuti abale ndi alongo aziwerenga mofatsa, Baibulo lili potsekula.

Kodi chiphunzitso chimenechi chimachokera pati m'Baibulo?

Phata lake lili pa Aroma 1:18-32, ngakhale kuti mizu yake yayala m'Chipangano Chakale chonse. Paulo analemba kalatayi ali ku Korinto cha m'chaka cha 57, ndipo ankalembera Akhristu a mumzinda umene iye anali asanafikemo, mzinda wodzaza ndi obwera, akapolo, amalonda ndi anthu othamangitsidwa n'kubwereranso, monga Akula ndi Priskila amene anachoka m'Roma pamene mfumu Klaudio analamula kuti Ayuda onse atulukemo. Ife okhala kuno ku Joni sitivutika kuumvetsa mzinda wotere. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, limanena pa ndime 18 kuti mkwiyo wa Mulungu wochokera kumwamba uonekera pa chisapembedzo chonse ndi chosalungama cha anthu "amene akanikiza pansi choonadi".

Ndimeyi si chiyambi cha nkhani. Paulo wangomaliza kunena pa ndime 16 ndi 17 kuti sachita manyazi ndi Uthenga Wabwino, popeza m'menemo chilungamo cha Mulungu chaonetsedwa, ndipo mneni wakuti kuonetsedwa kapena kuonekera, amene wagwiritsa ntchito ponena za chilungamocho, ndi yemweyo akumugwiritsanso ntchito ponena za mkwiyo. Akufotokoza kukula kwa nthenda kuti timvetse chifukwa chake mankhwala ake anafuna magazi a Mwana wa Mulungu. Mfundo imene yayamba pa 1:18 siima mpaka pa 3:19-20, pomwe pakamwa pa munthu aliyense patsekedwa, choncho mlaliki amene amalekezera pa ndime 32 wadula nkhani pakati.

Ngati Mulungu ndi chikondi, angakwiye bwanji?

Funso limeneli limativuta chifukwa mkwiyo umene tikuudziwa ndi wa anthu: wa bambo wobwera kumowa usiku n'kuyamba kuphwanya mbale, kapena wa bwana amene amachotsa wantchito wa m'munda chifukwa cha duwa limodzi lothyoka. Mkwiyo wotere umadzuka mwadzidzidzi, umapyola mlandu, ndipo kawirikawiri umagwera wofooka. Ngati wa Mulungu ukanakhala wotero, bwenzi okana chiphunzitsochi akulondola.

Baibulo limaufotokoza mwina. Pa Eksodo 34:6 Mulungu akudzitchula yekha wachifundo, wachisomo ndi wolekereza, ndipo mawu a Chihebri amene anamasuliridwa kuti wolekereza amanena za mphuno zazitali, kutanthauza amene mpweya wake sutentha msanga. Yona anadandaula kumene kuti Mulungu ndi wosakwiya msanga pamene anafuna kuti Nineve apse. Buku la Maliro 3:33 limati sasautsa anthu mochokera mumtima, ndipo pa Ezekieli 33:11 akulumbira kuti sakondwera ndi imfa ya woipa. Mkwiyo wake ndi kukana kwake kokhazikika, kosasintha ndi kosagulika, kwa choipa chilichonse chimene chikuwononga zimene anazilenga ndi kuzikonda.

Mayi amene wamva kuti mwana wake wamkazi wagwiriridwa, iye n'kungoti palibe kanthu, sitingamutchule wachikondi. Chimodzimodzinso Mulungu amene akanayang'ana mwachisawawa akapolo amene ankawolotsedwa pa nyanja kuchokera ku Nkhotakota, kapena anthu achialubino amene aphedwa kwathu m'zaka zaposachedwapa, sakanakhala woyenera kumupembedza. Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563, amene ambiri a ife ochokera ku Sinodi ya Nkhoma tikumudziwa, amafunsa funso lomweli pa nambala 11, ndipo amayankha kuti Mulungu ndi wachifundodi, koma ndi wolungamanso.

Kodi "choonadi" chimene anthu akukanikiza ndi chiti, ndipo kukanikiza n'kutani?

Pa ndimeyi Paulo sakunena za Uthenga wa Yesu, chifukwa akukamba za anthu amene sanaumvepo. Akunena za chidziwitso chimene munthu aliyense ali nacho poona chilengedwe: kuti kuli Mlengi wa mphamvu yosatha, kuti ife ndife olengedwa, ndi kuti tiyenera kumulemekeza ndi kumuyamika. Salimo 19 limanena zomwezo, kuti zakumwamba zimalalikira popanda mawu. Mipingo yosiyanasiyana imavomerezana pamfundoyi kuposa mmene ambiri amaganizira. John Calvin, mmodzi mwa atsogoleri oyamba a mipingo ya Reformed, anaphunzitsa kuti mwa munthu aliyense muli kuzindikira kwa umulungu kumene sikufafanizika, ndipo msonkhano wa maepiskopi a Katolika, woyamba wa ku Vatican, mu 1870 unatchula Aroma 1:20 yemweyu ponena kuti Mulungu angadziwike kudzera m'zolengedwa.

Kukanikiza kumasiyana ndi kusadziwa. Aliyense amene anasewerapo padziwe ali mwana akukumbukira mmene chigubu chopanda kanthu chimavutira kuchimiza: uyenera kuchitsamira ndi manja onse awiri, ndipo ukangolekerera pang'ono chimavuuka. Munthu wokanikiza choonadi amagwira ntchito yotereyi tsiku ndi tsiku. Ndinakhalapo pachakudya ndi mbale wina amene anatchona kuno zaka zingapo, ali ndi mkazi ndi ana kumudzi komanso mkazi wina kuno. Foni yake inalira, nambala yoyamba ndi +265 ikuoneka bwinobwino, ndipo iye anaitembenuza chafufumimba patebulo, n'kukweza wailesi, n'kupitiriza kudya. Inaliranso kachiwiri, ndipo nsima inayamba kumukanika kumeza. Munthu ameneyu sanafunikire womuuza kuti ana ake alibe fizi. Anadziwa zonse, ndipo mphamvu zake zinkathera pa kuyesetsa kuti asamve zimene akudziwa. Paulo akuti umu ndi mmene mtundu wonse wa anthu umachitira ndi Mulungu.

Tionenso kuti tchimo loyamba limene ndime 21 ikutchula ndi kusalemekeza ndi kusayamika. Chigololo, umbanda ndi zina zonse zikubwera pambuyo pake ngati zipatso. Pakati pake pali kusinthanitsa, kumene Paulo akutchula katatu, pa ndime 23, 25 ndi 26: ulemerero wa Mulungu anausintha ndi fano, choonadi anachisintha ndi bodza. Munthu akakana Mlengi amapezabe china chochigwadira, kaya ndi randi, kaya ndi chithumwa cha kwa sing'anga chokopera bwana, kaya ndi mbiri yake kumudzi yakuti anamanga nyumba ya malata.

Nanga makolo athu amene anamwalira asanamve za Yesu, mkwiyo umenewu unali pa iwo?

Amishoni oyamba anafika ku Magomero mu 1861, ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876, ku Mvera mu 1889, ndipo Akatolika anakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Iwowa anapeza anthu akudziwa kale mayina a Mulungu: Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi, Leza. Kunali malo opempherera mvula monga ku Msinja ndi ku Khulubvi. Zimenezi zikutsimikiza mawu a Paulo akuti Mulungu sanadzisiye wopanda umboni, monga anauzira anthu a ku Lustra pa Machitidwe 14:17, ponena za mvula ndi nyengo za zokolola.

Koma makolo athu analinso anthu monga ife. Ankadziwa kuti kupha n'koipa, komabe kunali kumwetsana mwabvi ndi kugulitsana ukapolo, monga momwe Aroma ndi Agiriki, ndi Azungu amene anabwera ndi Baibulo, nawonso anachimwira kuwala kumene anali nako. Aroma 2:12-16 amaphunzitsa kuti munthu adzaweruzidwa molingana ndi kuwala kumene analandira, chikumbumtima chake chikumuneneza kapena kumuikira kumbuyo, ndipo Yesu pa Luka 12:48 akuti wopatsidwa zambiri adzafunsidwa zambiri. Palibe amene adzalangidwe chifukwa chosakhulupirira dzina limene sanalimvepo. Za chimaliziro cha gogo uyu kapena uyo, tiyankhe ndi funso la Abrahamu pa Genesis 18:25, lakuti kodi Woweruza wa dziko lonse sadzachita zolungama. Chimene chiyenera kutidetsa nkhawa n'chakuti ife tili ndi Baibulo m'chinenero chathu, ena mpaka pafoni, ndipo mlandu wathu ndi wolemera kuposa wawo.

Paulo akuti mkwiyo "uonekera" tsopano lino. Ukuoneka pati, popeza oipa akungolemera?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha kuti tiwerenge mosathamanga. Ambiri tikamva za mkwiyo wa Mulungu timayembekeza mphezi, matenda kapena ngozi ya galimoto. Mu ndime zonsezi Paulo sakutchula chimodzi mwa zimenezi. Chimene akubwereza katatu, pa ndime 24, 26 ndi 28, ndi mawu akuti Mulungu anawapereka. Anawapereka ku zilakolako za mitima yawo, anawapereka ku zilakolako zamanyazi, anawapereka ku mtima wokanika. Chilango chake n'chakuti Mulungu amamasula chingwe n'kumulola munthu kupita kumene wakhala akukokera.

Ife Achewa tikuchidziwa chilango chimenechi. Mnyamata akamalowerera, amalume ake amamuitana, amamukhazika pansi, amamukalipira, mwina mpaka kuitanitsa akuluakulu a banja. Nthawi yonse imene akukalipiridwayo ndiye kuti akadali mwana wapakhomo. Tsiku loopsa ndi limene amalume amamuyang'ana n'kunena modekha kuti, "Wakula, chita zimene ukufuna," ndipo kuyambira pamenepo amamupatsa moni ngati mlendo. Mnyamatayo amaona ngati wapeza ufulu, koma amayi ake amalowa m'nyumba kukalira, chifukwa iwo amva chimene chanenedwa. Salimo 81:11-12 limanena za Israeli m'njira yomweyi, kuti anthu anga sanamvere mawu anga, ndipo ndinawasiya atsate kuuma kwa mitima yawo. Augustine wa ku Hippo, amene anali wa kumpoto kwa Africa kuno, anaphunzitsa potsatira ndime zimenezi kuti tchimo limasanduka chilango cha tchimo linzake.

N'chifukwa chake kulemera kwa woipa sikutsutsa Paulo. Mbale wa foni uja zinthu zinkamuyendera: ntchito inali yokhazikika, lendi ankalipira pa nthawi yake, anagula galimoto. Chimene chinasintha n'chakuti patapita nthawi foni ija ikalira nsima inkamezeka bwinobwino. Chikumbumtima chinaleka kumuvutitsa, ndipo iye anaona ngati wapeza mtendere. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Aroma 2:4-5 akuchenjeza kuti kuleza mtima kwa Mulungu cholinga chake n'kutitsogolera ku kulapa, ndipo wokupeputsa akudziunjikira mkwiyo wa tsiku lomaliza. Pali mkwiyo wa lero, umene ndi kusiyidwa, ndipo palinso wa tsiku la chiweruzo, pamene zobisika za anthu zidzaululidwa.

Katswiri wina wa ku Britain, C. H. Dodd, analemba mu 1932 kuti mkwiyo umenewu ungokhala lamulo la chilengedwe lakuti choipa chitsata mwini, popanda Mulungu kukhudzidwa mumtima. Pali choona m'maganizo akewo, chifukwa tchimo limabaladi zipatso zake. Koma ine sindingamutsate mpaka kumapeto, pakuti chiganizo cha Paulo chili ndi mwini wake: ndi Mulungu amene anawapereka. Woweruza alipo, ndipo pokhala alipo, wochimwa ali ndi wina woti n'kumudandaulira kuti amuchitire chifundo, chinthu chimene lamulo la chilengedwe silingachite.

Kodi ngozi monga moto wa ku Marshalltown kapena namondwe wa Freddy zinali mkwiyo wa Mulungu pa amene anafa?

Ayi, ndipo ndikupempha kuti mawu otere asamatuluke pakamwa pa Mkhristu. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka m'nyumba ya Usindiso mumsewu wa Albert ku Marshalltown, m'katikati mwa Johannesburg, ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Mu Marichi chaka chomwecho, pa nthawi ya namondwe wa Freddy, matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira mabanja ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo anthu mazanamazana anafa m'chigawo cha kummwera. Achikulire akukumbukiranso ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi. Nthawi iliyonse yotere pamapezeka wina wonena kuti Mulungu wawalanga. Ndinawamva mawu amenewa ndi makutu anga sabata ya moto ija, pamene tinkasonkha ndalama zothandizira kutumiza maliro kumudzi, ndipo pafupi ndi wonenayo panali mayi atafunda bulangete lopatsidwa, amene anapulumuka usiku umenewo wopanda ngakhale nsapato.

Yesu anayankha kale funsoli pa Luka 13:1-5. Anthu anamuuza za Agalileya amene Pilato anawapha, ndipo iye anawonjezerapo za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kufunsa ngati iwowa anali ochimwa kuposa ena. Yankho lake linali lakuti iyayi, ndipo anatembenuzira chenjezo kwa ofunsawo kuti alape iwo eni. Pa Yohane 9:3 anakana kuti khungu la munthu uja linabwera ndi tchimo lake kapena la makolo ake. Abwenzi a Yobu, amene anaumirira kuti tsoka ndi umboni wa tchimo, ndi amene Mulungu anawakwiyira pa Yobu 42:7.

Ngati tikufuna kuona kukanikiza choonadi pa nkhani ya Usindiso, tiyang'ane kwina. Komiti yofufuza imene anaitsogolera Justice Sisi Khampepe inapeza kuti akuluakulu a mzinda ankadziwa za kuopsa kwa nyumbayo ndipo sanachitepo zoyenera. Panalinso anthu amene ankatolera lendi kwa amphawi m'zipinda zogawa ndi matabwa. Kudziwa choona n'kuchikhalira chifukwa cha phindu kapena ulesi ndilo tchimo limene Aroma 1:18 akulitchula, ndipo amene anapsa anali olakwiridwa.

Kodi mkwiyo si nkhani ya Chipangano Chakale, imene Yesu anaithetsa?

Maganizo amenewa ndi akale. Mphunzitsi wina wakale, Marcion, anaphunzitsa kuti Mulungu wa Chipangano Chakale ndi wina, wankhanza, ndipo Atate wa Yesu ndi wina, wachifundo, ndipo mpingo wa ku Roma unamuchotsa cha m'chaka cha 144. Malembo eni ake samulola. Chifundo chadzaza m'Masalimo ndi m'aneneri, ndipo mkwiyo ukupezeka m'Mauthenga. Marko 3:5 akuti Yesu anawayang'ana ndi mkwiyo, akumva chisoni ndi kuuma kwa mitima yawo, pamene anthu opembedza anakhala chete pofunsidwa ngati n'kololeka kuchiritsa pa Sabata. Mutu wachitatu wa Yohane, umene uli ndi ndime 16 yokondedwa ija, umanena pa ndime 19 kuti anthu anakonda mdima koposa kuunika, ndipo umatha pa ndime 36 ndi mawu akuti mkwiyo wa Mulungu ukhala pa wosamvera Mwanayo.

Ndime 26 ndi 27 za Aroma 1 zikunena za amuna kapena akazi ogonana okhaokha. Kodi mutuwu si wa iwowo makamaka?

Ndime ziwirizi zilipo ndipo sitizidumpha. Mpingo kuyambira kale wakhala ukuziwerenga ngati zoletsa mchitidwewu, ndipo umu ndi mmene mipingo yambiri ya kwathu, pamodzi ndi ine, timaziwerengera, ngakhale kuti mipingo ina, kuphatikizapo ina ya kuno ku South Africa kumene maukwati otere analoledwa mu 2006, imatsutsana pa kamasuliridwe kake. Koma amene akuti mutuwu ndi wa anthu amenewo makamaka sanawerenge mpaka pansi. Ndime 29 mpaka 31 zikundandalika machimo oposa 20, ndipo m'menemo muli kaduka, kusirira, ndewu, chinyengo, miseche, kudzitama, kusamvera makolo, kusasunga mapangano ndi kupanda chifundo. Ndime 32 ikuika onsewa pansi pa chiweruzo chimodzi.

Kenako pakubwera 2:1, pomwe Paulo akutembenukira amene wakhala akugwedeza mutu movomereza, n'kumuuza kuti nayenso alibe mawu owiringula, pakuti poweruza mnzake akudzitsutsa yekha. Mutu woyamba unali ngati fanizo la mneneri Natani kwa Davide, lomukwiyitsa pa tchimo la munthu wina kuti pomaliza amve kuti munthuyo ndi iye. Anyani sasekana zikundu. Aliyense wogwiritsa ntchito ndimezi ponyoza, kumenya kapena kuthamangitsa munthu wagwera kale mu ndime 31, pa mawu akuti opanda chifundo.

Ambiri kuno tikukhala ndi mabodza kuti tipeze ntchito ndi pogona. Kodi tili pansi pa mkwiyo umenewu?

Funsoli anafunsa mlongo wina motsitsa mawu anthu atabalalika, ndipo ndikudziwa kuti ndi la ambiri. Pali amene masiku a pasipoti yawo anatha kalekale, amene akugwira ntchito ndi dzina la munthu wina, amene amasintha kalankhulidwe m'teksi kuti asadziwike kwawo, ndi amene mtima umagunda akaona galimoto ya apolisi poganiza za Lindela, malo osungirako obwera asanawabweze kwawo. Sindinganene kuti bodza lasanduka choona chifukwa cha umphawi, ndipo ndimalimbikitsa aliyense amene ali ndi njira yokonzera mapepala ake kuti aitsate, ngakhale ikhale yayitali ndi yotopetsa. Komabe Mulungu amene analamula Israeli pa Levitiko 19:34 kuti akonde mlendo monga adzikonda yekha amasiyanitsa munthu wobisala chifukwa cha mantha ndi munthu wobisa choona kuti adyere ena. Yakobo 5:4 akuti malipiro a antchito amene anabisidwa mwachinyengo akufuula, ndipo bwana amene amadula malipiro podziwa kuti wantchito wopanda mapepala sangakadandaule kulikonse ali ndi mlandu waukulu pamaso pa Ambuye wa makamu.

Choopsa kwa ife n'chakuti bodza limene linayamba ngati chishango limazolowereka, n'kulowa m'nyumba. Wonamiza wapolisi amayamba kunamiza mkazi wake za ndalama zimene walandira, kunamiza makolo kuti ntchito kulibe pamene ilipo, kunamiza mpingo kuti ndi wosakwatira. Pamapeto pake amayamba kupemphera ngati kuti Mulungu nayenso akumudziwa ndi dzina la pa chiphaso chobwereka. Mkhristu amene zinthu zamupanikiza azinena zoona zonse pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa a m'banja lake, ndipo asalole kuti mtima wake uleke kuwawidwa ndi zimene akukakamizika kuchita.

Kodi mtundu wonse kapena mpingo wonse ungakanikize choonadi?

Ungathe, ndipo tikukhala m'dziko limene linaona zimenezi. Kuyambira 1948 mpaka 1994 tsankho linali lamulo kuno, ndipo linkatetezedwa pa maguwa ndi anthu amene ankawerenga Machitidwe 17:26, pomwe akuti Mulungu analenga mitundu yonse kuchokera kwa mmodzi. Mpingo wa Dutch Reformed, umene unatitumizira amishoni ku Mvera ndi ku Nkhoma, unali pakati pa oikira kumbuyo tsankholo, mpaka bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse, pa msonkhano wa ku Ottawa mu 1982, linanena kuti chiphunzitso chimenecho ndi mpatuko, ndipo Chivomerezo cha Belhar, chotsutsa tsankho, chinalandiridwa ndi mpingo wina, wa Dutch Reformed Mission Church, mu 1986. Komiti ya choonadi ndi kuyanjana imene anaitsogolera Desmond Tutu kuyambira 1996 inamva anthu ambiri akunena kuti sankadziwa zimene zinkachitika, pamene zinkachitikira kuseri kwa mpanda wawo.

Tisaloze chala eni dziko okha, ngakhale tikukumbukira Meyi 2008, pamene ziwawa zodana ndi obwera zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62. Kwathu nakonso tinakhala zaka zambiri tikudziwa kuti anthu akusowa ndi kutsekeredwa popanda mlandu, tili chete, mpaka kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992. Kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunaululika mu 2013 kunachitika m'dziko limene Lamulungu matchalitchi amadzaza.

Kodi mtanda wa Yesu ukukhudzana bwanji ndi mkwiyo umenewu?

Mneni uja wakuti anawapereka akubweranso m'kalata yomweyi. Pa 4:25 Yesu anaperekedwa chifukwa cha zolakwa zathu, ndipo pa 8:32 Mulungu sanatimana Mwana wake wa iye yekha, koma anamupereka chifukwa cha ife tonse. Kusiyidwa kumene kunali koyenera ife kunagwera iye, ndipo n'chifukwa chake pamtanda anafuula mawu a Salimo 22, ofunsa Mulungu chifukwa chimene wamusiyira. Aroma 3:25 akumutchula chotetezera, mawu okumbutsa chivundikiro cha likasa la chipangano chimene mkulu wa ansembe ankawazapo magazi kamodzi pachaka, monga tiwerenga pa Levitiko 16.

Tisaganize kuti Atate anali wolusa ndipo Mwana anabwera kudzamunyengerera. Ndi Mulungu mwini amene anakonza nsembeyo, ndipo Aroma 5:8-9 akuika zinthu ziwirizi pamodzi, kuti Mulungu atsimikiza chikondi chake pakuti Khristu anatifera tili ochimwabe, ndi kuti tidzapulumuka ku mkwiyo mwa iye. Mipingo imasiyana pa zimene imatsindika, ena pa mlandu wolipiridwa, ena pa imfa yogonjetsedwa, ena pa chilengedwe cha munthu chochiritsidwa, koma yonse imavomereza kuti pamtanda Mulungu anatsutsa tchimo ndi kulandira wochimwa pa nthawi imodzi. Kwa amene ali mwa Khristu, 8:1 akuti palibenso kutsutsidwa. Zowawa zimene Mkhristu amakumana nazo akalakwa ndi mwambo wa Atate kwa mwana, monga Ahebri 12 akufotokozera, ndipo zimasonyeza kuti akadali wapakhomo.

Ndikuopa kuti Mulungu anandipereka kale. Kodi njira yobwerera ilipo?

Ilipo. Munthu amene waperekedwa ku mtima wokanika kotheratu safunsa funso lotere, chifukwa Aroma 1:32 akumufotokoza ngati wochita zoipa n'kumavomerezanso ozichita. Mantha amene muli nawowo ndi umboni wakuti Mulungu akukulankhulanibe. Paulo yemweyo analembera Akorinto, atandandalika machimo ofanana ndi a mu Aroma 1, kuti ena a iwo anali otere koma anasambitsidwa, ndipo pa Aefeso 2:3-4 akuti tonse tinali ana a mkwiyo, koma Mulungu ndi wolemera chifundo. Pa fanizo la pa Luka 15, bambo anamupatsa mwana chuma chake n'kumulola kupita kudziko lakutali, komabe anamuona akali patali pa tsiku lobwerera, n'kuthamanga kukamukumbatira.

Kubwerera kumayambira pa choona chenichenicho chimene mwakhala mukuchitsamira. Muchitchule dzina lake pamaso pa Mulungu popanda kuchikometsa, monga 1 Yohane 1:9 akunenera za kuvomereza machimo. Kenako pitani kwa amene munamulakwira: ngati ndi ndalama za chipereganyu zimene munadya, kambiranani za kabwezedwe, ngati ndi banja limene munalisiya kumudzi, foni ija muiyankhe, ndipo ankhoswe a mbali zonse adziwitsidwe kuti nkhani ikambidwe mwa dongosolo lake, mkazi wa kuno ndi ana ake osaiwalidwa. Zimenezi n'zolemera kuzisenza nokha, ndipo zina zimatenga miyezi. Amene akufuna womuperekeza atsalire maphunziro akatha Lamulungu likubwerali, pakuti akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano amakhalapo mpaka 5 koloko, ndipo zokambidwa pamenepo zimathera pomwepo.